Thanthwe limamvera munthu wodekha

Ukamachokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, n'kudutsa Nathenje, n'kukhotera kumanzere pa Kamphata, phiri la Nkhoma limayamba kukula pamaso pako pang'onopang'ono, moti pofika pa mishoni limakhala latseka mbali imodzi ya thambo. Alendo amaliona ngati chokongoletsa dziko. Ife obadwira m'munsi mwake timalidziwa ndi mapazi: tidadyetsako mbuzi, tidatolako nkhuni, tidalimbanako ndi anyani obera chimanga.

Ndinali ndi zaka 11 pamene thanthwe lidandipatsa phunziro loyamba. Kamwana ka mbuzi yathu kadakwera pa kakhonde ka mwala, n'kumangolira, kosatha kutsika. Ndidavula mapatapata n'kuyamba kukalondola. Poyamba zinkayenda, popeza panali ming'alu yolowetsamo zala. Nditafika pakati ming'alu ija idatha, thanthwe lili see ngati mbale yotsuka. Nditaponya maso pansi mutu udazungulira, miyendo n'kuyamba kunjenjemera yokha. Ndidagona chafufumimba, kuukumbatira mwalawo, ndipo pomwepo ndidamva thupi likutsetsereka.

"Agogo, ndikugwa!"

Agogo aamuna ankasema mpini pamthunzi. Sadathamange, sadakuwe. Adaika kasemasema pansi n'kufika m'munsi mwa thanthwelo.

"Chotsa mimba pamwalapo, mdzukulu wanga. Ukaukumbatira ukutaya. Dzuka, uime pa zala za kumapazi, manjawo ungotsamiza. Usayang'ane ine, yang'ana pamene phazi lako likaponde."

Mtima unkakana, koma ndidamvera. Nditangodzutsa thupi, mapazi adagwira mwala gwa! Ndidatsika phazi limodzi limodzi, iwo akundiuza kuti kumanja, kumanzere, dekha. Kambuzi kaja kadatsika kokha madzulo, mayi wake atakaitana.

Patapita zaka zambiri, mwana wa mlongo wanga adandionetsa pa kompyuta yake filimu yotchedwa Free Solo. Ndidaona mnyamata wa ku America ali pa thanthwe losalala, kutali kwambiri ndi nthaka, wopanda chingwe, mimba ataichotsa pamwala, ataima pa zala za kumapazi, manja atangotsamiza. Ndidakumbuka agogo. Zimene ankandiuza tsiku lija ndi zomwezo zimene akatswiri amaphunzitsana ku mayiko akutali: ukaimirira, kulemera kwa thupi kumakanikiza phazi pamwala, phazilo n'kugwira, ukagona, kulemerako kumakukokera pansi. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutsatira nkhani za okwera matanthwe, ndipo ndazindikira kuti nkhaniyi si yachilendo kwa ife.

Masewera ake ndi otani?

Kukwera phiri ndi kukwera thanthwe n'zosiyana. Wokwera phiri amatsata njira ya mapazi kufikira pansonga, monga amachitira ana a sukulu akabwera kudzaona Nkhoma. Wokwera thanthwe amasiya njirayo dala, n'kusankha khoma la mwala loima chilili, kumene munthu amafunika manja ndi mapazi omwe.

Pali okwera miyala ifupiifupi, ya mamita anayi kapena asanu, opanda chingwe, atayala matiresi pansi kuti akagwa agwerepo. Pali okwera matanthwe aatali, ndipo amenewa amayenda awiriawiri: wina akukwera, wina ali pansi kapena pa kakhonde, atagwira chingwe. Wokwerayo akamapita amakoleka chingwecho pa tizitsulo tokhomedwa pamwala kapena tolowetsedwa m'ming'alu, kuti akaterera agwe pang'ono chabe, chingwe n'kumugwira. Kale ambiri ankakoka tizitsulo tomweto pokwera, ngati makwerero. Masiku ano ulemu waukulu umapita kwa amene wakwera ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongomuteteza. Pomaliza pali ochepa kwambiri amene amakwera matanthwe aatali opanda chingwe chilichonse. Kwa amenewa kulakwitsa kamodzi ndi maliro.

Njira iliyonse ya pathanthwe imapatsidwa dzina ndiponso nambala yosonyeza kuvuta kwake, ndipo amene wayamba kuidutsa dzina lake limalembedwa m'mabuku. Kulembedwa kwa mayinaku ndiko ndikufuna muzikukumbukira pamene tikupitirira.

Khoma la El Capitan ndi anthu ake

Ku California, m'chigwa cha Yosemite, kuli thanthwe lotchedwa El Capitan, lotalika pafupifupi mamita 900. Kwa nthawi yaitali anthu ankati silingakwereke. Mu 1958 Warren Harding ndi anzake awiri, Wayne Merry ndi George Whitmore, adafika pamwamba pake podzera njira yotchedwa The Nose. Ntchitoyo idatenga nthawi yoposa chaka, akukwera n'kumatsika, kukhoma zitsulo ndi kumanga zingwe, ndipo masiku amene adakhala pathanthwepo adapitirira 40.

Patapita zaka 35, mu 1993, njira yomweyo idakweredwa koyamba ndi manja ndi mapazi okha. Amuna amphamvu ambiri adali atayesa n'kulephera. Amene adakwanitsa ndi mayi wamfupi msinkhu, Lynn Hill. Pamalo ena ovuta, pansi pa mwala wotuluka ngati khonde la nyumba, mng'alu wake ndi wopyapyala moti mumangolowa nsonga za zala, ndipo iye adadutsapo. Chaka chotsatira, mu 1994, adabwereranso n'kukwera njira yonseyo osakwanitsa maola 24. Ndikamamva anthu kumudzi akuletsa ana aakazi kukwera ngakhale mtengo wa mango, ndimakumbuka mayi ameneyu.

Nkhani imene imandikhudza mtima koposa ndi ya Tommy Caldwell. Mu 2001 adaduka chala cholozera cha dzanja lamanzere ndi sowo yochekera matabwa. Kwa wokwera matanthwe chala chimenechi chili ngati khasu kwa mlimi, ndipo ambiri adaganiza kuti zake zathera pomwepo. Iye adaphunzitsa zala zotsalazo kugwira ntchito ya chinzawo. Kumapeto kwa December 2014 adayamba kukwera mbali yosalala kwambiri ya El Capitan, yotchedwa Dawn Wall, pamodzi ndi Kevin Jorgeson. Adakhala pakhomapo masiku 19, akugona m'timatenti tolendewera pamwala, n'kufika pamwamba pa 14 January 2015. Pakati pa ulendowo Jorgeson adakanirira pamalo amodzi sabata yathunthu, akugwa mobwerezabwereza, khungu la zala litang'ambika. Caldwell adali atadutsa kale pamenepo, ndipo akadatha kukamaliza yekha n'kutenga ulemu wonse. Adasankha kumudikira mnzake. Jorgeson adadutsa pa ulendo wa 11, ndipo adakafika onse awiri. Amene adakulira kumudzi akumvetsa zimenezi: mwanyamuka awiri, mubwerenso awiri.

Mnyamata wa mufilimu uja ndi Alex Honnold. Pa 3 June 2017 adakwera El Capitan wopanda chingwe, podzera njira yotchedwa Freerider, m'maola atatu ndi mphindi 56. Amene amangoonera amati ndi munthu wosaopa imfa. Chimene ambiri saona n'chakuti njirayo adaikwera kambirimbiri ali ndi chingwe, kwa nthawi yoposa chaka, akuloweza pogwira paliponse ndi poponda paliponse, n'kumalemba m'kabuku. Komabe sindingalimbikitse mwana wa munthu aliyense kumutsanzira. John Bachar, katswiri wina wotchuka pokwera wopanda chingwe, adagwa n'kumwalira mu 2009, ali ndi luso la zaka zambirimbiri.

Ena amatchuka osati ndi kutalika kwa thanthwe koma kuvuta kwake. Adam Ondra wa ku Czech Republic, mu September 2017, adakwera njira yotchedwa Silence m'phanga la ku Flatanger m'dziko la Norway. Ndi ya mamita pafupifupi 45 okha, koma mbali yaikulu munthu amakhala atalendewera kudenga la phanga, ndipo pena mutu umaloza pansi. Idapatsidwa nambala 9c, imene padalibe njira ina idafikapo. Masewerawa adalowanso mu Olympics ku Tokyo mu 2021, ndipo Janja Garnbret wa ku Slovenia adatenga mendulo yagolide ya amayi kumeneko, n'kudzatenganso ina ku Paris mu 2024.

Chambe, khoma lathu

Tsono tamvani izi. Thanthwe la El Capitan, limene dziko lonse limalitama, likadaikidwa pambali pa khoma la Chambe ku Mulanje likadaoneka lalifupi. Mbali ya kumadzulo ya Chambe ndi yotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo imadziwika kuti ndiyo njira yaitali koposa yokwera pathanthwe mu Africa muno. Ili m'zigawo ziwiri: thanthwe la m'munsi, kenaka khonde lalikulu la udzu ndi mitengo, n'kubwera khoma la pamwamba lotalika kuposa kilomita imodzi. Ndi khoma lomwe lija mumaliona mukamayandikira Mulanje kuchokera ku Blantyre, makamaka madzulo dzuwa likaliwomba.

Mu 1977 Frank Eastwood, amene ankakhala m'Malawi muno, ndi Ian Howell, katswiri wodziwika ndi mapiri a ku Kenya, adatsegula njira yolunjika pakhoma limeneli. Mu 1979 Eastwood adatulutsa buku lofotokoza njira za m'phiri la Mulanje, Guide to the Mulanje Massif, limene lakhala likutsogolera oyenda m'phirimo kwa zaka zambiri. Kukwera Chambe n'kovuta mwa mtundu wake: mwala wake uli ndi ming'alu yochepa yoikamo zotetezera, malo ena munthu amadalira tizitsamba tomera pamwala, ndipo chifunga cha chiperoni chikhoza kukuphimba masana dzuwa likuswa mtengo.

Anthu awiriwa ndi oyenera ulemu. Koma ndikawerenga mbiri ya Mulanje ndimafunsa za amene adasenza zingwe, chakudya ndi zofunda za alendo kuchokera ku Likhubula kukwera nazo kumtunda. Ndimafunsa za ocheka matabwa amene kwa zaka zambiri ankatsika m'phirimo atasenza thabwa lalitali pamutu, ambiri osavala nsapato, m'njira zimene mlendo amatsika chokhala pansi. Lero otsogolera alendo ndi osenza katundu ali ndi mpikisano wawo wa chaka ndi chaka, Mulanje Porters' Race, ndipo amakwera ndi kutsika phirilo mothamanga. Luso adali nalo kuyambira kale. Chimene chidasowa ndi wolemba mayina awo.

Okwera amene sadalembedwe

Kwathu ku Nkhoma nkhaniyi ndi yakale kuposa pamenepo. M'zaka za m'ma 1800, nkhondo za Angoni zitavuta, Achewa a Mfumu Mazengera adathawira m'phiri la Nkhoma n'kumakhala momwemo. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, atabwera kudzatsegula mishoni ya Nkhoma mu 1896 adamanga m'munsi mwa phiri lomwelo limene lidasunga anthu. Taganizirani moyo wa m'phirimo: mayi kutsika m'mamawa kukatunga madzi, n'kukwera nawo mtsuko pamutu, mwana kumbuyo, bambo kukwera ndi dengu la mapira pakati pa miyala, anyamata kukhala pansonga kuyang'ana ngati kukubwera adani. Anthu amenewa sankakwera pofuna mendulo. Ankakwera kuti mbumba isathe. Agogo anga adaphunzira kuponda mwala kwa makolo awo, amene adaphunzira kwa anthu a m'phiri aja, ndipo ine ndidapulumuka tsiku lija ndi nzeru yodutsa m'mibadwo imeneyi.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva wina akunena kuti kukwera matanthwe ndi masewera a azungu. Ngakhale pa phiri lalitali koposa padziko, Everest, oyamba kufika pansonga pa 29 May 1953 adali awiri: Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay, Msherpa amene adayamba ngati wosenza katundu wa alendo. Kumeneko ndi kukwera pa chipale, kosiyana ndi kwa pathanthwe, koma mtima wake ndi umodzi. Patapita zaka 50, pa 26 May 2003, Sibusiso Vilane, amene adakulira ku Swaziland ndipo ankagwira ntchito yolondera nyama zakutchire, adakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kufika pansongapo. Pa 16 May 2019 Saray Khumalo, wobadwira ku Zambia ndipo amakhala ku South Africa, adakhala mayi wakuda woyamba wa mu Africa kufikapo. Udali ulendo wake wachinayi. Mu 2014 adabwerera chifukwa cha chipale chimene chidagumuka n'kupha anthu, mu 2015 chifukwa cha chivomezi cha ku Nepal, ndipo mu 2017 adabwerera nsonga ili pafupi. Sadataye mtima, ndipo maulendo akewo amawagwiritsa ntchito posonkhanitsa ndalama zothandizira maphunziro a ana.

Chingwe chafika kwathu

Zinthu zayamba kusintha. Ku Lilongwe kuli bungwe la Climb Malawi, limene lili ndi khoma lophunzirirapo ndipo limatenga achinyamata kupita nawo ku matanthwe enieni. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Zingwe ndi nsapato zidabwera ndi alendo, koma manja amene akuzigwira tsopano ndi a ana athu.

Tsiku lina Loweruka, nyengo yachisanu, ndidakumana ndi gulu la achinyamata pa thanthwe lina kufupi ndi Nathenje, ndipo ndidakhala pansi kuwaonerera. Mtsikana wina, wa msinkhu wa sekondale, adavala lamba wozungulira m'chiuno ndi m'ntchafu, chisoti kumutu, ndi tinsapato tothina tokhala ndi labala pansi. Adamanga chingwe palambapo ndi mfundo yooneka ngati nambala 8. Asanaponde mwala, mnzake wogwira chingwe adayang'anitsitsa mfundoyo n'kuikoka, iyenso n'kuyang'ana kachitsulo kodutsamo chingwe pa lamba wa mnzakeyo. Adapisa manja m'kathumba ka choko kuti thukuta lisamutereretse.

"Wandigwira?"

"Ndakugwira, kwera."

Adakwera bwino kufikira pakati, pamene mwala udatuluka pang'ono ngati mimba. Adayesa kufikira pogwira pamwamba, phazi lidaterera, n'kugwa. Ine mtima udangoti phwii, ndipo ndidadzuka osadziwa. Koma chingwe chidamugwira mosamukantha, iye n'kumalendewera, akupukuta zala pa buluku. Adayang'ana pamalopo kanthawi, n'kuyesanso. Adagwa kachiwiri. Kachitatu adasintha phazi, n'kuponda ndi chala chachikulu pa kabampu kochepa ngati njere ya nzama, thupi n'kudzuka, dzanja n'kufika. Anzake pansi adaomba m'manja, ndipo ana a m'mudzi amene adasiya mbuzi zawo kudzaonerera adakuwa kuposa onse.

Mkulu wa gululo adandifotokozera kuti chingwe chawocho si chingwe wamba. Chimapangidwa kuti chizitanuka munthu akagwa, kuti chisamuthyole msana. Ndidamufunsa ngati ana athu angagwiritse ntchito chingwe cha khonje kapena cha pulasitiki chomangira katundu panjinga. "Ayi bambo, musalole ngakhale pang'ono," adatero. "Chimenecho chimaduka, ndipo chikapanda kuduka chimavulaza." Mawu amenewa ndikuwapereka kwa kholo lililonse lowerenga nkhani ino.

Zoyenera kusamala

Thanthwe lili ndi malamulo ake. Nyengo yabwino ndi yachilimwe, kuyambira May mpaka October. Mvula ikagwa ndere za pamwala zimaterera ngati therere, ndipo mphenzi imakonda pamwamba. M'ming'alu mumakhala njuchi, mavu ndi njoka. Munthu sakwera yekha, ndipo woyamba kumene aziphunzira kwa wodziwa, ndi zida zoyenera.

Mapiri athu alinso ndi eni ake. Mlendo wofuna kukwera ayambe waonekera kwa nyakwawa, afunse malo oyenera ndi osayenera. Phiri la Bunda kufupi ndi Mitundu lidali malo opempherera mvula kuyambira kale, ndipo mpaka lero anthu amakwerako kukapemphera. M'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza muli zojambula za makolo akale, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Pamalo otere sipakhomedwa chitsulo, sipapakidwa choko.

Ifenso eni dera tili ndi mbali yathu. Thanthwe likaphwanyidwa kukhala miyala yomangira limagulitsidwa kamodzi kokha, basi latha. Thanthwe losungidwa limabweretsa alendo chaka ndi chaka, ndipo alendowo amafuna wowatsogolera, pogona, nsima, nthochi ndi kabaza wowanyamula kuchokera pa Kamphata. Sindikunyoza mayi amene amakhala padzuwa ndi hamala kuswa miyala kuti ana adye. Ndikupempha mafumu ndi makomiti a chitukuko kuti asankhe matanthwe oyenera kusungidwa asanathe. Chimodzimodzi mitengo ya m'phiri: ikatha ndi makala ndi moto wolusa, nthaka imakokoloka, akasupe amauma, ndipo palibe mlendo amene angabwere kudzakhala pamwala wopanda mthunzi.

Agogo anga adamwalira osaonapo chingwe chokwerera, ndipo dzina lawo silili m'buku lililonse la okwera matanthwe. Adzukulu awo asatero. Aphunzitsi a sukulu za ku Nkhoma, Nathenje ndi Mitundu, itanani odziwa masewerawa adzaphunzitse ana, atsikana ndi anyamata omwe. Makolo, mwana wanu akamakonda kukwera miyala musangomukalipira. Mupezereni womuphunzitsa kukwera motetezeka. Ndipo inu achinyamata, mukatsegula njira yatsopano pa thanthwe la kwanu, muipatse dzina la Chichewa, mulembe tsiku lake, mulembe dzina lanu ndi la mnzanu amene adakugwirirani chingwe.